Mawu Asanu a Amake Joy

Machesi anasowa Lachitatu m'mawa, mafuta ali kale m'chiwaya ndipo mtanda wa vitumbuwa utafufuma mpaka kukankha chivundikiro. Amayi Felistus Sakala, amene komboni yonse ya Wusakile ku Kitwe inkawadziwa kuti amake Joy, anasuntha zitini zonse pashelefu, anakutumula chitenje chawo, mpaka anapisa dzanja m'thumba la makala. Kunja anthu a pamgodi anali atayamba kale kudutsa, nsapato zawo zolemera zikumveka pamsewu, ndipo amenewo ndiwo ankagula vitumbuwazo.

"Mlamu, mwaonako machesi anga?"

Zipporah, mkazi wa mlongo wawo, anali atatsamira chitseko manja atapinda pachifuwa. Anapukusa mutu ndi chisoni chokometsera, chonga cha munthu amene wapita pamaliro a munthu wosamudziwa.

"Mwaiwalanso? Dzulo mpeni, lero machesi. Khalani pansi, mlamu, musazivute."

"Sindinaiwale ine. Machesi amakhala pamwamba pa chitini cha shuga kuyambira atate ake Joy ali moyo."

"Eee, mwatero," anatero Zipporah uku akuponya diso kwa mwamuna wake.

Mwamuna wakeyo, a Barnabas, mlongo wamkulu wa amake Joy, anali atadzitaya pampando wa malemu atate ake Joy, wailesi ili pamimba. Iwo ndi mkazi wawo anachoka ku Chimwemwe masabata awiri apitawo, ati kudzacheza. Kuchezako kunabwera ndi masutukesi atatu ndi matiresi. Chibwerereni iwo, zinthu m'nyumbamo zinamera miyendo, ndipo kunja nako anthu anasintha. Amayi a mumphakati anayamba kulankhula nawo mokweza ndi pang'onopang'ono ngati ogontha. Mnansi wina anawapatsa moni n'kuwonjezera kuti, "Ndine Jenipher, wapanyumba iyo," chikhalirecho anakhala moyandikana zaka makumi atatu.

Pamenepo Chichi anatulukira kuchipinda, diso lina likadali m'tulo, akukoka kabulangete kake.

"Ambuya, machesi ali mu chikwama cha ambuya Zipporah. Na mpeni uli momwemo. Ninaona."

A Barnabas anatseka wailesi.

Chichi anali ndi zaka zisanu. Anali mwana wa Joy, mwana mmodzi yekha wa amake Joy, amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Maliro atatha, bambo wa mwanayo, Derrick Chanda wa ku Masala ku Ndola, anafuna kumutenga. Mabanja awiri anakhala pansi tsiku lonse, ndipo anamaliza ndi mawu akuti mwana akhale ndi ambuye ake malinga ali ndi mphamvu. Kuyambira tsiku limenelo amake Joy sanalole ngakhale chimfine kuwagoneka. Mwamuna anali kumanda, mwana anali kumanda, chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali kamtsikana aka ka bulangete.

"Alongo, mukundibisiranji zinthu m'nyumba mwanga?"

A Barnabas anatsokomola chitsokomolo chawo cha pamilandu. Chipumireni ntchito ya pamgodi panalibe amene ankawafunsa nzeru, ndiye nkhani ikawagwera m'manja ankaifungatira ngati khanda.

"Mlongo, khala pansi. Tinafuna kukusunga mtima, koma mwana waulula. Uja kafukufuku unalembetsa kutchalitchi, zotsatira zinatuluka."

Kafukufukuyo amake Joy ankamukumbukira bwino lomwe. Miyezi inayi mmbuyomo, Misa itatha, kunabwera anthu ofufuza za matenda oiwalaiwala a okalamba, kufuna anthu opitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Iwo analembetsa chifukwa anzawo onse a kwaya analembetsa. Anawatenga magazi, anawajambulitsa wotchi papepala, kenako anawauza mawu asanu oti awasunge m'mutu n'kudzawatchula pakapita kanthawi. Ndowa, njinga, mlatho, papaya, singano. Anawatchula onse osaphonya, mpaka nesi anaomba m'manja. Pafomu panali funso lakuti kodi zotsatira akufuna kuzimva kapena ayi, nanga auzidwe ndani. Iwo anayankha kuti, "Mundiuze ine mwini wake, pamaso."

"Zinatuluka liti? Bwanji ine sanandiuze?"

"Anabwera a Mbewe, aja amayenda m'makomo. Iwe unali kumsika wa Chisokone kukagula ufa, ine ninali pano kukuyembekeza. Munthu woleredwa bwino uja, wa ku Katete. Adziwa kuti nkhani yolemera sauza mwini wake, amauza mwini mbumba. Ndipo mwini mbumba ndine."

"Anati chiyani?"

"Ati magazi ako aonetsa. Ubongo wayamba kudyeka. Posachedwa uzaiwala njira, uzaiwala moto pambaula, uzaiwala na mwana yemwe uyu."

Amake Joy anagwira thebulo. Chimene chinawapweteka koposa sichinali matendawo ayi, koma kuzindikira kuti Wusakile yense anali atadya kale nkhani ya m'mutu mwawo, mphakati ataipempherera, Jenipher ataisinja bwinobwino pampopi, iwo eni mutuwo akungokazinga vitumbuwa ngati chitsiru.

"Mwauzanso ndani?"

"Abale chabe," anatero a Barnabas akuyang'ana wailesi.

M'mawa mwake amake Joy anavala chitenje chawo cha Amayi Maria, nakonzeka kupita kuchipatala kumene a kafukufuku anali ndi ofesi. Anafuna kumutenga Chichi, koma Zipporah anamugwira mwanayo paphewa.

"Mufuna mukamutaye m'tauni? Musiyeni, nimupeleka ine ku sukulu."

Akanakana, zikanaoneka ngati ukali wa matenda. M'masabata awiri okha anali ataphunzira zimenezo, kuti akakwiya ndi matenda, akaseka ndi matenda, akakhala chete ndiye matenda akula. Anamupukuta Chichi kukamwa ndi nsonga ya chitenje, namulonjeza kuti abwera ndi maswiti a timitengo.

Ku ofesiko anadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Dokotala wa kafukufukuyo anali mayi wamagalasi, wolankhula mofatsa. Atamva nkhaniyo anavula magalasi aja n'kuwaika pathebulo, kenako anatuma nesi kuti akaitane a Abednego Mbewe.

A Mbewe analowa atanyamula kale chipewa m'manja. Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi za m'mbali, mkulu wa mpingo kwawo, munthu amene sankadutsa wachikulire osawerama. Atangowaona amake Joy, maso anagwera pansi.

"A Mbewe, munatumidwa kukatani ku Wusakile?" anafunsa dokotala.

"Kukasiya kalata yowaitana, adokotala."

"Nanga kalatayo ili kuti?"

"Ninasiyira alongo awo."

"Ndipo munawauza chiyani?"

A Mbewe anapotokola chipewa chija. "Anandifunsa monga mwini mbumba. Anati, 'Mwana wanga, kwathu sitichita tero, osabisa.' Ine ninaona pafayilo chizindikiro chija timaika kwa ofunika uphungu. Ninangoti magazi aonetsa kanthu, muwakonzekeretse mtima. Nimaganiza kuti nikuwachitira ulemu. Mayi ngati awa, kuwauza pamaso, kwathu ni mwano."

"Mwano?" Amake Joy anaimirira. "Inu a Mbewe, pafomu paja munalemba ndinu ndi dzanja lanu. Ndinati mundiuze ine. Magazi anali anga, mkono munabaya unali wanga. A Barnabas munawabaya pati?"

A Mbewe anagwada pansi pa simenti, napepesa, napepesanso. Ulemu anali nawo wodzaza thumba bamboyu, ndipo ndi ulemu womwewo umene anaphera munthu.

Dokotala anawakhazika pansi amake Joy nawafotokozera zonse bwinobwino, ndipo ankawafunsa kuti abwereze kuti aone ngati amva. M'magazi mwawo munali kanthu kena kochulukirapo pang'ono kuposa mwa anthu ambiri. Zimenezo zinkangotanthauza kuti mpata woti angadzadwale m'tsogolo ndi wokulirapo, osati kuti akudwala. Ena okhala ndi magazi otero amakalamba mpaka kufa nzeru zili zonse. Mayeso a kukumbukira anakhoza bwino kuposa ambiri a msinkhu wawo.

"Lero lino, amayi, mulibe matenda oiwala. Za mawa palibe angalumbire, ngakhale ine. Tikufuna tizikuonani chaka chilichonse, basi. Zimene zachitikazi ndi kulakwa kwathu, ndipo tizitengera kwa akuluakulu."

"Akuluakuluwo adzapita pampopi kukauza Jenipher?"

Dokotala analemba kalata, naidinda chidindo, nanena kuti ngati banja likufuna, iye mwini adzabwera Lolemba kudzalankhula nawo. Amake Joy anaipinda kalatayo kanayi n'kuisunga pachifuwa. Potuluka anagula maswiti awiri a timitengo, ndipo mu minibasi anadzipeza akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Mtima unali utatsika. Ankaganiza kuti pepala la chidindo limatha kubweza mawu amene alowa kale m'makutu a anthu.

Atafika kunyumba anapeza chitseko chili pululu, Zipporah akuanika zovala zake pachingwe chawo. Kabulangete ka Chichi kanali pampando, koma nsapato zake zapakhomo panalibe.

"Mwana sanaweruke ku sukulu?"

"Funsani alongo anu."

A Barnabas sanadikire kufunsidwa. "Atate ake anabwera pa teni awazi. Tinapangana kale pafoni. Pangano linali lakuti malinga uli na mphamvu, mlongo. Manje mphamvu zili kuti? Ufuna tizamve kuti mwana wapsa na mafuta?"

"Munapangana liti?"

"Sabata yatha."

"Ndiye munandilola kupita m'tauni kuti mumupereke ine kulibe?"

"Tinaopa ungachite phokoso. Odwala otere amachita phokoso."

Amake Joy anatulutsa kalata ija, naitambasula pamaso pawo. A Barnabas anaiyang'ana chapatali, poti magalasi awo anali m'chipinda ndipo sanaone chifukwa chowatengera.

"Madokotala amatonthoza odwala, ni nchito yawo. Zoona anauza ine."

Amake Joy sanakhale pansi. Anatola kabulangete kaja, poti mwanayo sagona popanda iko, natuluka. Kumbuyo anamva Zipporah akuitana anansi kuti, "Wayamba kuyendayenda! A Barnabas, mlongo wanu wayamba kuyendayenda!"

Njira ya ku Ndola sanaifunse kwa munthu. Anakwera minibasi ya m'tauni, nakwera ina ya ku Ndola, natsika, nakwera ya ku Masala. Kunyumba kwa Derrick anapitako kamodzi kokha, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Joy akadali mtsikana wa mimba yoyamba. Komabe anakumbukira kuti ukadutsa msika umakhotera kumanja pa malo owotcherera zitsulo, n'kuwerenga nyumba zinayi, geti lobiriwira. Getilo analipeza, lobiriwira lomwelo, utoto utangosuluka.

Derrick anatuluka foni ili kukhutu. Anali mwamuna wathupi, woyendetsa malole, waulemu wake ndithu. Atawaona anamaliza kulankhula pafonipo mu Chibemba, koma amake Joy anakhala ku Kitwe zaka makumi anayi, anamva zonse. Ankauza a Barnabas kuti asade nkhawa, wodwala wapezeka, wasochera mpaka ku Masala.

"Bamayo, mwafika bwanji kuno mweka? Ni ngozi iyi."

"Ndafika monga amafikira anthu, apongozi. Sindinasochere. Ndabwera kudzatenga mwana. Werengani iyi."

Derrick anailandira ndi manja awiri. Anawerenga mutu wa kalatayo, pamene panali dzina la kafukufuku wa matenda oiwala, ndipo maso ake anaima pomwepo. Anatsika pang'ono, napeza mzere wonena za magazi, naugwira ndi chala.

"Apa balemba kuti magazi yaonetsa, bamayo."

"Werengani pansi pake."

"Naona. Bakuti lelo muli bwino. Nanga mailo, nanga kutsogolo? Ine nimayenda maulendo, ningagone bwanji ku boda nikuganiza kuti mwana ali na munthu wamene angaiwale mbaula? Joy nataya kale. Uyu sinizataya."

Mawu amenewo anawalasa chifukwa sanali a munthu woipa. A Barnabas ukanatha kuwatukwana, koma uyu ankaopa zoona, ndipo mantha akewo anachita kumupatsa anthu ena, ophikaphika.

"Adokotala ati abwera Lolemba kudzafotokoza. Dikirani Lolemba, apongozi. Ndakugwirani mwendo."

"Babwere, tizabamvera. Koma mwana ankhala kuno. Sukulu nalembetsa kale."

Pakhonde panatulukira Jessica, mkazi watsopano wa Derrick, atamugwira Chichi padzanja. Tsiku limodzi lokha mwanayo anali atamuluka tsitsi lina la mikanda, atamuveka diresi lachikasu limene ambuye ake sanaliwonepo. Anansi awiri atatu anali atasendera kumpanda, ndipo ana a mumsewu anasiya mpira wawo.

Amake Joy anagwada pafumbi natambasula manja. "Bwera, mama. Ndakubweretsera bulangete lako."

Chichi sanathamange monga ankachitira masiku onse. Anabisala kuseri kwa miyendo ya Jessica, diso limodzi lokha likuoneka.

"Ambuya Zipporah bakamba ati mutu wanu waonongeka. Ati muzaniiwala."

"Bodza limenelo, mama."

Mwanayo anatuluka pang'ono, chala chili m'kamwa. Anawayang'anitsitsa ambuye ake monga ankayang'anira mankhwala pasupuni.

"Nanga ndine ndani ine? Kambani zina langa."

Dzinalo amake Joy analidziwa. Analisankha okha kuchipatala tsiku limene mwanayo anabadwa, analitchula m'pemphero m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lonseli linali m'kamwa mwawo kuchokera ku Wusakile. Koma kuona mwana amene anamutafunira chakudya, amene anamubereka kumsana popita kumanda a amake, ataima apo akuwayesa mayeso ngati nesi, china chake chinawakwera pakhosi n'kutsekapo. Mwanayo anali atakweza nsidze imodzi, ndendende mmene ankachitira Joy. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Milomo inangonjenjemera, misozi ili chuchuchu.

Anthu anadikira. Kunamveka nyundo ya owotcherera zitsulo kumsika.

"Mwamona?" anatero Jessica chapansipansi, akutembenukira kwa anansi aja.

Nkhope ya Chichi inakwinyika. Analira kulira kwa mwana amene wauzidwa zoona, nathawira m'nyumba, Jessica pambuyo pake. Chitseko chinatsekedwa.

Pamenepo ndi pamene pakhosi panatseguka.

"Chichi! Chichi Chanda! Chichi wanga!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa, akugwedeza geti lobiriwira lija, duku litagwera m'fumbi. Aliyense amene anafika nthawi imeneyo anaona nkhalamba yopanda duku ikukuwa pageti la eni ake, itanyamula bulangete la mwana ndi maswiti awiri, ndipo sanafunikire kuuzidwa kuti vuto ndi chiyani. Mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda. Ana aja anaseka, wina n'kuyeserera kukuwako.

Derrick anawadzutsa bwinobwino, nawatolera duku, nawakutumulira fumbi. Bulangete analandira, maswiti analandira, kalata anawabwezera. Anawaperekeza yekha mpaka pokwerera minibasi za ku Kitwe, atawagwira pachigongono njira yonse ngati angathawe. Anawakhazika pampando wakutsogolo, kenako analemba nambala ya a Barnabas pakapepala n'kupatsa kondakitala. Analankhula mokweza, mu Chibemba, kuti basi yonse imve ndi kuthandizapo: mayi awa mutu suyenda bwino, asatsike panjira ngakhale atapempha, akafika ku Kitwe aimbire nambala iyi, abale adzawatenga.

Mtsikana amene anakhala pafupi nawo anasendera kuwindo, nakumbatira chikwama chake.

Minibasi inanyamuka dzuwa litapendeka. Amake Joy anamanga duku lawo bwinobwino, napukuta kumaso. Anadziwa kuti akanena kuti ali bwino, basi yonse igwedeza mutu mwachisoni, choncho sananene kanthu. Kunyumba kunali kuwadikira mlongo wawo pampando wa malemu, ndi mlamu wosunga machesi m'chikwama. Lolemba dokotala adzabwera ndi magalasi ake, anthu adzamupatsa mpando, adzamumvera mwaulemu, ndipo akadzachoka adzati madokotala amatonthoza odwala.

Atadutsa malo amene apolisi amachitira chipikisheni, milomo yawo inayamba kuyenda yokha. Ankafuna kudziyesa okha, poti tsikulo linali litawagwedeza mpaka nawonso anayamba kukayika.

"Ndowa," ananong'ona. "Njinga. Mlatho. Papaya. Singano."

Onse asanu analipo, mwa ndondomeko yake, patapita miyezi inayi. Anawonjezera liwu lachisanu ndi chimodzi, limene palibe nesi anawapatsa.

"Chichi."

Kondakitala anamugwira dalaivala paphewa, naloza ndi mlomo.

"Bayamba kulankhula beka," anatero, n'kukhoma chitseko cha mbali yawo.